Kaseti ya Mizere Itatu

Kaseti ija inali yachikasu, yong'aluka pangodya imodzi, ndipo kumsana kwake kunali mizere itatu yokandidwa ndi msomali. Ukaiyandikiza kumphuno inkanunkha fodya, monga chinthu chilichonse cha m'nyumba mwathu, kuyambira mabulangete mpaka buledi. Kumaso kwake kunali chithunzi cha ndege yosongoka ikulavula moto pakati pa nyenyezi, ndi zilembo zopindikapindika zimene ngakhale aphunzitsi analephera kuwerenga. Ife tinkangoitchula kuti Firii. Inali ndi akulu ake awiri, Wani ndi Thuu. Onse atatu anali a banja limodzi, gemu ya ndege zowomberana kuthambo, ndipo pa atatuwo Firii ndiye inali yoipitsitsa. Izi ndinkanena ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo lero ndili mayi wa ana awiri sindinasinthe maganizo.

Tinkakhala pakomboni, malo a nyumba za antchito, pa purazi ina ya fodya cha ku Raffingora, ine ndi amayi, m'nyumba ya amalume. Bambo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndiye amalume anatitenga. Iwo anali mkulu wa osankha fodya mu shedi. Tsamba lililonse lokayikitsa linkapita kwa iwo, ndipo akaliyang'ana pawindo n'kunena kuti ili ndi lemoni, ili ndi olenji, ili ndi mahogane, nkhani inkathera pomwepo. Chifukwa cha udindo umenewo anapatsidwa nyumba ya njerwa ya zipinda zitatu, yokhala ndi magetsi. Pakomboni yonse nyumba za magetsi zinali zowerengeka. Kamakina ka gemu anabwera nako kuchokera ku Harare tsiku lina ataperekeza mabelo ku okushoni, atakanyamula pamiyendo njira yonse ngati mwana wodwala, ndipo anakalumikiza ku tivi yathu yaing'ono asanavule n'komwe nsapato.

Ndinene pano zimene panthawiyo sindinkadziwa, kuti zotsalazi zimveke. Nyengo yozizira ya chaka chimenecho maso a amalume anayamba kuchita ng'ala. Mitundu inkawathawa pang'onopang'ono, ndipo wosankha fodya amene sasiyanitsa lemoni ndi olenji ntchito yake yatha. Ntchito ikatha nyumba imatsatira, chifukwa nyumba ya pakomboni si yako. Anzathu achishona zikawavuta ankati akupita kumusha, ndiko kuti kumudzi kwawo. Ife kumusha kwathu kunali kuti? Agogo a agogo anabwera wapansi kuchokera ku Malawi, ndipo dzina la mudzi wawo tinkangolimva pamaliro. Choncho amalume anabisa matenda awo, amayi anawathandiza kubisa, ndipo cholinga chawo chinali choti afike kumapeto kwa sizoni popanda akapitawo kudziwa. Ine pamenepo mtima wanga wonse unali pa ndege.

Wani inali gemu yachilungamo. Thambo lakuda bii, kandege kako pansi, adani pamwamba ali m'mizere ngati ana pa asembule, akutsika pang'onopang'ono mpaka akupeze. Unkapita kumanzere, kumanja, n'kumawombera, basi. Inalibe chinyengo, koma inalibenso zachilendo. Ukamaliza gulu loyamba kunkabwera lachiwiri lofanana nalo, kungoti likuthamanga kwambiri, mpaka chala chachikulu chichite thuza. Tinkaisewera pamene tatopa kukangana.

Koma Thuu, abale! Thuu anaipanga anthu odya bwino. Ndege yako inkauluka cham'mbali, kulowa m'mapanga obiriwira, kutulukira pamwamba pa nyanja yofiirira imene mkati mwake munkatuluka zinsomba zachitsulo. Ukawombera mdani wonyezimira ankagwetsa kampira, ukakatola mfuti yako inkabala ana, iwiri, itatu, ina yowombera kumbuyo. Kumapeto kwa dziko lililonse kunkadikira chibosi chodzaza theka la tivi, china ngati nkhanu, china diso limodzi lokhalokha. Ndiye nyimbo yake! Ndinkaiimba potunga madzi pampopi, ndipo tsiku lina ndinaiimba m'tchalitchi mosazindikira pa nthawi ya chopereka, amayi n'kunditsina pantchafu mpaka misozi. Miyezi yoyambirira amalume nawonso Thuu inkawapenga. Ankafuula, kudzuka pampando, kupendekera limodzi ndi ndege ngati ali m'katimo.

Tsono Firii. Sindidziwa kuti amene anaipanga anali atakwiyira ndani. Ndege yake inali yolemera ngati thirakitala ikukoka ngolo m'matope. Thambo linali lotuwa ngati madzi otsukira mbale, adani anali zimabokosi zikuluzikulu zakuda, ndipo ankabwera mmodzimmodzi, m'ndondomeko yomweyomweyo tsiku lililonse. Nyimbo munalibe. M'malo mwake mdani aliyense anali ndi kulira kwake asanatulukire. Wochokera kumanzere ankati pii, wochokera kumanja ankati gwee, wogwa kuchokera pamwamba ankalira ngati chitseko cha chimbudzi cha kusukulu. Ukavutika mpaka kumapeto, m'malo moti akuwonetse dziko limene wapulumutsa, pankangobwera mawu awiri oyera n'kuyambiranso. Chaka chatha mwana wanga wamkulu anandiwonetsa pafoni anthu akunja akukangana za magemu omwewa, ndipo onse ankagwirizana kuti yachitatu ndiye inachititsa manyazi banja lonse. Ndinaseka ndekha, kenaka ndinamubwezera foniyo n'kutuluka panja.

Mkangano wathu unayamba tsiku limene amalume anagireda makaseti. Anawayala patebulo monga ankayalira masamba, n'kumatenga imodziimodzi, kuisisita, kuinunkhiza, nkhope ili yaukali ngati ali kuntchito. Wani anati ndi fodya wapakati, wosachititsa manyazi. Thuu anaikankhira kumapeto kwa tebulo, kumene mu shedi amataya zinyenyeswa.

“Chikomekome cha mkuyu ichi,” anatero. “Sikirapu.”

Firii anaikweza m'mwamba n'kunena kuti iyi ndiye giredi yoyamba. Ine ndinadzuka. Ndinawakumbutsa kuti iwo omwe ankavina ndi Thuu, ndinawawerengera mfuti zake, mapanga ake, zibosi zake, mpaka malovu kuuma. Anangoti, “A Pailoti, khalani pansi, wogireda pano ndine.” Ankanditchula choncho, a Pailoti, mwaulemu ngati ndine munthu wamkulu, ndipo dzinalo linkandikoma ngakhale pamene ndakwiya. Tsiku lomwelo ndi limene anatenga msomali n'kukanda mizere itatu kumsana kwa Firii. Ndinkayesa kuti akuiveka mendulo pofuna kundipsetsa mtima.

Kuyambira pamenepo tinkakangana paliponse. Pa chakudya, panjira ya kutchalitchi, ngakhale iwo ali m'bafa ine ndili panja ndikudikira ndowa. Ndinkati Firii ndi gemu ya nkhalamba. Iwo ankati Thuu ndi ya anthu opupuluma, onga mwana wa mlongo wawo wina amene sakumutchula dzina. Amayi ankati tonse awiri tili ndi mitu yofanana, ndipo akanakhala ndi mphamvu akanakaponya kamakinako m'damu. Sanakaponye. Masiku ena ndinkawapeza ataima pakhomo, mpeni ndi anyezi zili m'manja, akuyang'ana mchimwene wawo akusewera, ndipo nkhope yawo sinali ya munthu wosangalala ndi gemu.

Cha m'katikati mwa sizoni belo limodzi linabwezedwa ku okushoni chifukwa munali masamba osakanikirana mitundu. Pakomboni nkhani sigona. Pampopi amayi ena ankati ukalamba suchita kugogoda, ndipo ndikafika ankasintha nkhani. Sabata yomweyo amayi anapempha kusamutsidwa pamalo pamene ankamangira ndindi za fodya mu shedi, n'kukakhala pabenchi yoyandikana ndi ya amalume. Ananena kuti kumene anali kunkalowa mphepo. Ndinamva patapita zaka kuti tsamba likapita pamulu wolakwika, dzanja lawo linkalibweza mwakachetechete, ndipo madzulo ankabwera kunyumba khosi litauma chifukwa choyang'anira ntchito ya anthu awiri.

Chimene chinatseka anthu pakamwa chinali Lamlungu. Tikaweruka kutchalitchi n'kudya, abambo a pakomboni ankabwera kwathu kudzawonera gemu, ena a mpingo, ena a kudambwe amene m'mawa sitinali nawo, onse kupanikizana m'chipinda chimodzi, ana pansi, fungo la sopo ndi maputi, chimanga chokazinga. Akapitawo nawonso ankabwera, chipewa chili pabondo. Amalume ankapisa dzanja m'katoni osayang'anamo, n'kutulutsa Firii nthawi zonse. Ankakweza voliyumu mpaka tivi kunjenjemera, n'kulamula kuti aliyense atseke pakamwa, ndipo mwana woyerekeza kutafuna maputi mokweza ankatulutsidwa. Kenaka ankapendeketsa mutu, khutu lakumanja kutivi, n'kuyamba. Pii, ali kale kumanzere. Gwee, ali kale kumanja. Mdani asanawonekere n'komwe, chipolopolo chinali chikumudikira. Ankafika kumapeto osataya moyo ngakhale umodzi mwa itatu imene gemu imapereka, ndipo abambo ankawomba m'manja n'kumati awa ndi maso a mphamba. Wina anafunsa mokweza, akuyang'ana akapitawo, kuti kodi munthu wa maso ofooka angachite zimenezi? Akapitawo anangogwedeza mutu, ndipo za belo lija sizinamvekenso.

Ine zonsezi zinkandinyansa. Ndinkawona anthu akuluakulu akuchemerera gemu yonyansa pamene Thuu ili m'katoni ikudya fumbi. Ndinkati m'mtima, amalume akanangowona gemu yeniyeni, yoposa ngakhale Thuu, akanavomera kuti analakwitsa. Ndikuvomereza kuti ndinkafuna kupambana mkangano. Koma ndinkafunanso kuwawona akudzuka pampando n'kumapendekera ndi ndege monga kale, chifukwa amalume a pa Firii ankasewera ali chete, nsagwada zitalimba, ngati munthu amene akuwoloka mtsinje wodzaza.

Mwayi unabwera kudzera mwa mwana wa aphunzitsi. Iye anali ndi kamakina kofanana ndi kathu, ndipo azakhali ake a ku Marondera anamubweretsera Folo, yachinayi, imene pakomboni palibe anali ataiwonapo. Anali ataimaliza kawiri ndipo inali itamukwana. Firii analibe, koma mbiri ya amalume inali itafika mpaka kusukulu, ndiye ankaganiza kuti m'kasetimo muli zodabwitsa. Sindinamuwongolere. Lachisanu ndinaika Firii m'chikwama pakati pa mabuku, ndipo pa buleki tinasinthana kuseri kwa kalasi, ine n'kuwonjezerapo mtedza wokazinga wodzaza m'manja awiri. Aphunzitsi anatipeza. Anatenga makaseti onse awiri, kuwatembenuza, chala chawo n'kuima pa mizere itatu ija.

“Eni ake wawafunsa?” anandifunsa.

Ndinati eya, osaphethira n'komwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti safunsa anadya phula, kenaka anatibwezera makaseti athu. Ndinabwerera kunyumba ndikudumphadumpha, ndikudziwona wochenjera kuposa ana onse a m'chigawo chimenecho. Ndinabisa Folo pansi pa mphasa masiku awiri kuti ikhale mphatso yodzidzimutsa, ndipo Loweruka amalume sanasewere chifukwa anaweruka mochedwa.

Lamlungu lija kunali dzuwa lozizira, la mphepo yonyamula fumbi. Anthu anadzaza monga mwa nthawi zonse. Amayi anakhala pakhomo akusenda mtedza m'lichero. Amalume anapisa dzanja m'katoni, ndipo ndinawona zala zawo zikuyenda kumsana kwa kaseti yoyamba, kenaka yachiwiri, kenaka n'kubwereranso kuyoyamba. Pamenepo ine ndinadzuka, kutulutsa Folo m'thumba la diresi, n'kulengeza pamaso pa anthu onse kuti Firii yapita, ndasinthanitsa, lero tiwona gemu ya anthu. Ana anakuwa. Ndinaiika m'manja mwa amalume. Chala chawo chinaisisita kumsana, ndipo kunali kosalala.

Akanatha kukana. Akanatha kundikalipira, kuzimitsa tivi n'kubalalitsa anthu, ndipo palibe akanawadzudzula, chifukwa ndinali nditatenga chinthu chawo popanda kupempha. Koma ndinali nditaima pamenepo mano onse pamtunda, ndipo akapitawo anali atanena kale kuti tiyeni tiwone maso a mphamba pa chatsopanochi. Amalume anauzira mpweya m'kaseti muja monga tinkachitira, n'kuilowetsa.

Folo inali yokongola, ndisaname. Thambo lake linali la olenji ngati kulowa kwa dzuwa, nyimbo yake ya ng'oma ndi malipenga yosalekeza, ndipo adani ankabwera gulu, mbali zonse, osalira, akumwaza tizipolopolo tofiira tating'ono ngati mawere. Amalume anapendeketsa mutu monga mwa chizolowezi, koma munalibe choti amve kupatula nyimbo. Moyo woyamba unapita asanawombere kanthu. Anthu anaseka n'kumati ndi chatsopano, azolowera. Wachiwiri unapita chimodzimodzi. Pa wachitatu kunabwera chimwala chachikulu, chotuwira, chikuyandama pang'onopang'ono pakati penipeni pa tivi, choti ngakhale khanda likanachilambalala. Ndege ya amalume inapita molunjika n'kukachigunda.

Ndipo ine, mayo ine, ndi amene ndinaseka mokweza kuposa onse. Ndinati, “Amalume, kodi simukuwona? Chimwala chonsecho!”

Palibe wamkulu amene anaseka nane. Kusenda kwa mtedza pakhomo kunaleka. Nyimbo ya gemu inkangolira yokha. Akapitawo anayang'ana m'chipewa chawo ngati mwagwera kanthu, kenaka anadzuka n'kunena kuti ayiwala kukazimitsa injini ya kudamu. Abambo ena anawatsatira mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake, mpaka m'chipindamo tinatsala ana okhaokha ndi amalume. Ine ndinkaganiza kuti achoka chifukwa katswiri wawo wagonja, ndipo ndinkati zawakwanira.

Amalume anatulutsa kaseti ija, kuinunkhiza, kuikweza m'mwamba monga anachitira ndi Firii. Anati iyi ndi giredi yoyamba yeniyeni, ndipo a Pailoti ali ndi diso la wogireda. Anaibwezeramo n'kundipatsa chowongolera. Masana onsewo anakhala pambali panga, dzanja lili paphewa langa, n'kumandifunsa kuti tsopano kwabwera chiyani, nanga chibosicho n'chamtundu wanji, ndipo ine ndinkawafotokozera zonse mwachangu, monyada, osachotsa maso pa tivi. Sindikumbukira tsiku lina limene ndinasangalala choncho. Ndikalikumbukira lero ndimachita manyazi mpaka kutentha m'makutu, komabe chisangalalocho sichichoka.

Ndinkadikira mbama ya amayi chifukwa chotenga kaseti popanda kupempha. Sinabwere. Anandipatsa sadza, nsima ya kumeneko, ndi ndiwo zambiri kuposa masiku onse, n'kukhala osadya. Ndinawamva akuuza amalume kuti mwina akapitawo sananene kanthu, tidikire. Amalume anayankha kuti, “Achemwali, ndatopa kukusenzetsani khosi. Ndikanena ndekha.” Lolemba m'mawa anavala jekete lawo la kutchalitchi popita kuntchito, ndipo ndinawaseka kuti asokoneza masiku.

Sanawachotse ntchito. Akapitawo, amene anakulira nawo pakomboni yomweyo, anawalankhulira, ndipo anawasamutsira kumene amafewetsa fodya ndi nthunzi asanamusankhe. Kumeneko diso lilibe mawu, chimagamula ndi dzanja, ndipo dzanja la amalume linalibe mnzake. Koma imeneyo sinali ntchito ya nyumba ya njerwa. Anatilola kukhalamo mpaka belo lomaliza litapita, kenaka tinasamukira ku kanyumba ka zipinda ziwiri kumunsi kwa komboni, pafupi ndi mabulugamu, kumene mawaya a magetsi sankafika. Patapita zaka zingapo madokotala anawapala diso limodzi n'kuyambanso kuwona bwino, koma pamenepo purazi inali itasintha manja ndipo kamakina kaja kanali katafa ndi chinyezi. Mpaka kumwalira kwawo sanatchulepo za Lamlungu lija. Tsiku lina ndili wamkulu ndinayesa kuyambitsa nkhaniyo kuti ndipepese, iwo anandidula n'kundifunsa ngati a Pailoti adya.

Tsiku losamuka katundu anakwera ngolo ya thirakitala, koma tivi amalume anainyamula okha paphewa, amayi ali patsogolo pawo pang'ono, akuyenda mokoka mapazi kuti azimveka. Ine ndinanyamula katoni ya makaseti, ndipo ndinali wokwiya kwambiri. Ndinkati ndi nkhanza zotani kutichotsera magetsi pamene Folo ndangotsala ndi dziko limodzi kuti ndiimalize. Tinafika, tinaika tivi pakona pomwe sidzayakanso, ndipo amalume anakhala pa mpando panja kuti apume. Ndinawabweretsera katoni ija n'kuwauza kuti popeza sitiseweranso, agirede komaliza, anene zoona pamaso pa amayi kuti yabwino kuposa zonse ndi iti.

Anatenga Wani, anaiika pansi. Anatenga Thuu, anaseka pang'ono, anaiika pansi. Anatenga Folo n'kuigwira nthawi yaitali.

“Ndi iyi,” anatero. “Munasankha ndinu.”

Ndinathamanga kukwera komboni yonse kukauza anzanga kuti amalume avomera, ndawina. Ndili pamtunda ndinacheuka kuti ndiwakuwire kuti ndikubwera. Amayi anali ataima kumbuyo kwawo, atagwira chitenje pakamwa. Amalume anali akadali ndi kaseti ija m'manja, nkhope ili kwa ine ngakhale sankandiwona, ndipo chala chawo chachikulu chinkayendayenda kumsana kwake kosalala. Ndinaganiza kuti akuipukuta fumbi, n'kupitiriza kuthamanga.